Kudzutsa dimba limene linasanduka tsala

Dimba likasiyidwa silileka kukula, kungoti limakula mwa kufuna kwake. Chaka choyamba mumadzaza chisoso ndi bonongwe. Chachiwiri kapinga amayala mkeka wake paliponse. Pofika chachinayi kapena chachisanu mwamera timitengo ta minga, ndipo ziyangoyango zakwera mitengo ya zipatso mpaka kuifunditsa. Ku Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi ku England, anachita zimenezi dala mu 1882: anasiya kachigawo ka munda wa tirigu osakolola, osapalira, osalimanso. Patangotha zaka pafupifupi 4 tiriguyo anali atagonja, ndipo lero pamalopo pali nkhalango.

Ine ndinalandira dimba lotere kuseri kwa nyumba ya malemu agogo anga, litakhala zaka 6 osaona khasu. Tsiku loyamba ndinafika ndi chikwanje kudzanja ili, machesi m'thumba umu, mtima uli phaphapha kufuna kuona dothi loyera dzuwa lisanalowe. Zambiri zimene ndikulemba pano ndinaziphunzira chifukwa cha phuma limenelo. Ntchito yodzutsa tsala ndi ya zaka 3 kapena 4, ndipo chaka choyamba chimafuna maso kuposa mikono.

Poyamba yendani, khasu lidikire

Musanadule chilichonse, tetezani thupi lanu. Valani nsapato zotseka bwino ndi buluku kapena chovala chofika m'mapazi, ndipo muzitsogoza ndodo yaitali m'udzu. M'tsala mumabisala njoka, mavu, mabotolo osweka, waya waminga ndi misomali ya dzimbiri. Choopsa koposa ndi chitsime chakale kapena dzenje lophimbika ndi matabwa oola. Mukachipeza, chitchingeni tsiku lomwelo ana asanayambe kusewera kumeneko. Ngati papita zaka zambiri chibayitsireni katemera wa kafumbata, pitani kuchipatala musanayambe kugwira dothi ndi zitsulo zakale. Zigubu za mankhwala a mbewu zimene mungazipeze musazitsanulire pansi kapena kuzisandutsa zotungira madzi.

Kenako lambulani tinjira tokha, tokwana munthu mmodzi, kuti mufike ngodya zonse. Tengani kope ndi pensulo mujambule malowo: nyumba ili apa, mtengo waukulu apo, chulu uko, potsetsereka n'kumene kukulowera madzi. Chithunzicho chisakhale chokongola, chingokhala choona. Chomera chilichonse chimene mukuganiza kuti chinabzalidwa ndi munthu, chimangeni kansalu kowala kuti chikwakwa chisachipitire. Chimene simukuchidziwa chisiyeni mpaka chichite maluwa. Pali maluwa ena amene amakhala ndi anyezi wake pansi pa nthaka, ndipo chilimwe chonse pamwamba pamaoneka ngati palibe kanthu, n'kudzatulukira mvula ikagwa. Ine ndinalima mzere wonse wa maluwa otere, ndipo ndinazindikira nditaona zidutswa zoyera zili mbwee pa khasu.

Ngati mungathe kupirira, yang'anirani malowo chaka chathunthu musanapange zinthu zovuta kusintha, monga kudula mtengo waukulu kapena kumanga thanki. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muzilemba kumene dzuwa limafika m'mawa, masana ndi madzulo, pa nyengo yotentha ndi yozizira, chifukwa mthunzi umasuntha ndi nyengo. Masamba ambiri olimidwa amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo pa tsiku. Udzu umene wamera nawonso umanena zake. Pamene bonongwe wanenepa pali chonde, mwina panali khola kapena dzala. Pamene padzaza dawe nthawi zambiri pamasunga chinyezi. Pamene udzu uli wofiirira, wapatalipatali, nthaka inaguga kapena inakokoloka.

Funsaninso achikulire oyandikana nanu. Mawu ochepa chabe akuti, "Agogo, kodi mvula ikagwa yambiri madzi ankadutsa pati muno?" angakupulumutseni ku zolakwa za zaka ziwiri. Amene analima pamalopo kale sanali opusa. Ku Heligan, m'chigawo cha Cornwall ku England, dimba lalikulu linayamba kulowa pansi antchito ake atapita ku nkhondo ya 1914, ambiri osabwerako. Mu 1990 anthu awiri, Tim Smit ndi John Willis, analowa m'ziyangoyangomo, ndipo pansi pa minga panapezeka njira zakale, makoma ndi mitengo ya maluwa imene inali idakali moyo. Polikonzanso anatsata zimene anapezazo. Dimba lanu ndi laling'ono, koma nalonso lili ndi mizere yakale, miyala ya m'mbali mwa njira ndi ngalande zokwiririka zimene zingakuuzeni maganizo a mwini wake woyamba.

Musatenthe

Apa ndilankhule molimba, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Zaka zonse zimene dimba linagona, masamba ndi udzu zinkagwa n'kuolerana, mizu inkaboola nthaka, nyongolotsi zinkachulukana. Tsala ndi nthaka imene yapuma, ndipo chuma chake chili m'zinyalala zimene mukuziona ngati uve. Moto umauluza nayitirojeni wambiri wa m'zinyalalazo, amene ndi chakudya cha mbewu, kupita m'mwamba, n'kusiya phulusa limene mvula yoyamba imalikokolola. Umawaula makungwa a mitengo ya zipatso. Ndipo adani enieni, kapinga ndi dawe, moto suwakhudza chifukwa moyo wawo uli pansi. Amaphuka msanga kuposa kale, poti tsopano palibe chowatchinga dzuwa.

Tchetchani ndi chikwakwa, makamaka udzu usanabereke njere, ndipo zimene mwadulazo muzigawe. Zofewa ndi zaziwisi zipite ku mulu wa kompositi kapena zikhale zophimbira nthaka. Timitengo towongoka sungani, mudzatifuna pomangira tomato ndi nyemba zoyanga, ndipo nthambi zokhotakhota zidzagwira ntchito yotchinga madzi m'zigwembe. Zoyenera moto ndi zochepa: nthambi zodwala, ndi udzu woipa umene wakhwimitsa kale njere. Zimenezo muziwotchere m'dzenje kapena mu mgolo, kutali ndi mitengo, tsiku lopanda mphepo.

Mpanda ndi madzi

Musabzale kanthu mpanda usanakhale bwino. Mbuzi imodzi imatha ntchito ya miyezi itatu pa ola limodzi. Tsekani mipata ndi nthambi za minga zimene mwadula zija, ndipo mkati mwake bzalani mpanda wamoyo umene udzalowe m'malo mwake zikadzaola.

Za madzi, tulukani panja mvula ili mkati mogwa. Mudzanyowa, koma mphindi 20 zimenezo zidzakuonetsani zimene simungazione tsiku louma: kumene madzi akulowera m'dimba, kumene akuthamanga atasanduka ofiira ndi dothi lanu, ndi kumene akuima. Cholinga n'chakuti madzi ayende pang'onopang'ono ndi kulowa pansi. Pamalo otsetsereka pamafunika mizere ya akalozera yodula phiri mopingasa. Chida chopezera mzere wolingana mungapange nokha. Tengani mitengo iwiri yowongoka ya mamita 2, muimange pamodzi kumwamba, ndipo wachitatu muupingase pakati kuti chioneke ngati chilembo cha A. Pamwamba mangani chingwe chokhala ndi mwala kumapeto, cholendewera kupitirira mtengo wopingasawo. Imikani chidacho pansi, lembani pamene chingwe chakhudza. Sinthanitsani miyendo, uwu upite pamene panali uwo, mulembenso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye pa mlingo. Mukamayenda nacho m'dimba, paliponse pamene chingwe chagwera pa chizindikiro chapakaticho, miyendo yonse iwiri ili pa msinkhu umodzi, ndipo mukhomepo zikhomo. M'mizere imeneyi bzalani udzu wa vetiva motalikana masentimita 10 mpaka 15. Mizu yake imalowa pansi molunjika, siyanga n'kulanda malo a mbewu, ndipo masamba ake muzidzawadula n'kumaphimbira mabedi.

Chigwembe chimakonzedwa kuyambira kumtunda kumene madzi akuchokera. Mukayamba kumunsi, mvula imodzi yamphamvu idzanyamula zonse. Ikani timipanda tatifupi ta miyala kapena nthambi, tambiri motsatizana, pakati pake potsikirapo kuti madzi adumphe pakati osati kukumba m'mbali.

Denga la nyumba ndi chitsime chimene ambiri sachiwerengera. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 50 pa mvula ya mamilimita 20 limatsitsa malita 1,000. Mgolo kapena thanki iliyonse yosungira madziwa ikhale yovundikira, kuopa udzudzu ndi ngozi ya ana.

Dziwani nthaka yanu

Kumbani maenje anayi kapena asanu m'malo osiyanasiyana, akuya masentimita 40. Yang'anani khoma la dzenjelo. Dothi lakuda la pamwamba likulekera pati? Muli nyongolotsi? Nunkhizani: dothi lamoyo limamveka kafungo ka m'nkhalango mvula itangogwa, pamene lomira m'madzi limanunkha ngati mazira oola ndipo limaoneka lotuwa. Mukaona mizu ya udzu ikutsika kenako n'kukhotera m'mbali pa msinkhu umodzi, pamenepo pali chikhakha, dothi louma gwa limene linapangika chifukwa cholima pa kuya kumodzimodzi zaka zambiri. Limafunika kuliswa kamodzi ndi piki kapena foloko yolimira, kapena kubzalapo mbewu za mizu yakuya monga nandolo.

Kuti mudziwe mtundu wa dothi, thirani dothi m'botolo loonekera mkati mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri n'kuliika pansi. Mchenga umakhazikika pa mphindi imodzi kapena ziwiri, dothi losalala lapakati pa maola angapo, ndipo makande amatenga tsiku kapena kuposa. Mudzaona magawo atatu ndi kukula kwake. Limodzi la maenje aja lidzazeni madzi, aphwe, mulidzazenso. Ngati mawa lake madzi akadalimo, pamalopo pamafunika mabedi okwera kapena ngalande, ndipo mitengo ngati mapeyala ndi malalanje siidzakondwa pamenepo.

Masamba ambiri amakula bwino pa nthaka imene pH yake, muyeso wa asidi wa m'nthaka, ili pakati pa 6 ndi 7. Laimu, amene amachepetsa asidiyo, musathire mongoganizira, yezetsani kaye nthaka kwa alangizi a zaulimi kapena ndi timapepala toyezera. Phulusa la nkhuni nalonso limachepetsa asidi m'nthaka, choncho muziwaza pang'ono ngati mchere, osati kukhuthula chidebe chonse pa bedi limodzi. Dothi likhale la mchenga kapena la makande, mankhwala ake aakulu ndi amodzi: zoolerana zambiri, chaka ndi chaka.

Tsegulani kagawo kamene mungakasamale

Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukagalauza dimba lonse chaka choyamba, mwadzutsa njere za udzu mamiliyoni pa nthawi imodzi, ndipo manja muli nawo awiri okha. Sankhani malo apafupi ndi nyumba ndi madzi, a dzuwa lokwanira, mupangepo mabedi atatu kapena anayi basi. Muyeso wabwino ndi uwu: malo amene mungawapalire onse m'mawa umodzi. Bedi likhale la mita imodzi kapena masentimita 120 m'lifupi kuti dzanja lifike pakati popanda kupondamo, ndipo tinjira ta pakati tikhale tomwe tomweto chaka chilichonse.

Njere za udzu zimakhalitsa m'nthaka modabwitsa. Mu 1879 katswiri wa zomera William Beal anakwirira mabotolo 20 a mchenga wosakaniza ndi njere ku Michigan, m'dziko la America, kuti azifukulidwa limodzilimodzi pakapita zaka. Botolo limene linafukulidwa mu 2021 linali ndi njere zina zimene zinamerabe, patatha zaka zoposa 140. Njere zambiri zimadikira kuwala kuti zimere, ndiye khasu lililonse lakuya limazikweza pamwamba. Chifukwa chake mukakonza bedi, musafese tsiku lomwelo. Lithirireni, dikirani masabata awiri kuti udzu umere, kenako muupale mwapamwambamwamba, osapitirira masentimita 2 kapena 3, dzuwa likuswa mtengo. Mukatero kawiri, mbewu zanu zidzamera pa bedi loyera.

Kapinga ndi nkhani ina. Ine ndinamulima ndi khasu, kumuduladula bwinobwino, ndikuganiza kuti ndamupha. Patapita masabata atatu bedi lonse linali biriwiri ngati bwalo la mpira, chifukwa kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kanasanduka chomera chatsopano. Kapinga amafuna foloko, dothi lili lachinyezi pang'ono. Mumalowetsa foloko, kutukula, n'kukoka chingwe chonse cha muzu ndi dzanja, choyera ndi cholimba ngati waya, mpaka chithere. Mizuyo iyanikeni padzuwa pa lata kapena pamwala mpaka iume kuti gwaa, ndipo musaiponye pa kompositi ikadali yaiwisi. Dawe ali ndi timbatata tolumikizana pansi, ndipo mukazula tsinde lokha timbatatato timaphukanso. Amagonja mukamamuzula mobwerezabwereza akadali ndi masamba ochepa, asanapange timbatata tatsopano, komanso mukamuphimba ndi mbewu za mthunzi wambiri, pakuti mthunzi amadana nawo.

Pamene simukufuna kulima msanga, makatoni amagwira ntchito inu mukugona. Tchetchani udzu mpaka pansi, thirirani, yalani makatoni mutachotsa mapulasitiki omatira, m'mphepete mwake mukusanjikizana masentimita 15 kuti kuwala kusapeze mpata. Pamwamba ikani udzu wouma kapena masamba okhuthala masentimita 10. Siyani miyezi ingapo. Tsiku limene ndinatukula katoni yanga yoyamba, nditaisiya nyengo yonse ya mvula, pansi pake panali dothi lakuda lofewa loti chala chimangolowa, nyongolotsi zonenepa zikuthawa kuwala, ndi timizu ta kapinga tachikasu, tofooka, tosavuta kukoka. Katswiri wa sayansi ya zamoyo Charles Darwin analemba buku lathunthu la nyongolotsi mu 1881, ndipo m'mawa umenewo ndinamvetsa chimene chinamukopa. Chiswe chidzadya makatoniwo, koma musadandaule: chikapeza zouma zokwanira pamwamba, chimasiya ngalande zolowera madzi m'nthaka.

Zitsamba zolanda malo monga Lantana camara, chitsamba cha timaluwa ta mitundu yosakanikirana, zimaphukanso mukangozidula. Kumbani muchotse chitsa ndi mutu wa mizu, ndipo masamba ake musapatse ziweto chifukwa ndi poizoni kwa izo. Mankhwala opha udzu ine ndimawaona ngati chinthu chomalizira, cha pa chitsa chokanika chokha. Mukawagwiritsa ntchito tsatirani zolembedwa pa botolo, ndipo asayandikire chitsime kapena mtsinje.

Nanga gawo lalikulu lotsala lija? Muzilitchetcha lisanabereke njere, kapena libzaleni mbewu zophimba nthaka. Kalongonda amayanga mwamphamvu n'kupha udzu wambiri pansi pake, kungoti muzimuletsa kukwera mitengo. Khobwe ndi nandolo nazonso n'zabwino. Mbewu za gulu la nyemba zimakhala ndi timatuza m'mizu momwe mabakiteriya amakoka nayitirojeni wa mumpweya. Zulani chomera chimodzi, tswanyani katuza ndi chikhadabo: kakakhala kofiirira mkati, ntchito ikugwirika. Zikayamba maluwa zidulireni pansi n'kuzisiya pomwepo ziolere, mizu ikhale m'nthaka.

Mulu wa kompositi

Tsala limakupatsani zipangizo zambiri kuposa zimene mudzakhale nazo chaka china chilichonse, ndiye musazitaye. Pamthunzi, yalani timitengo pansi kuti mpweya uzilowa, kenako sanjikizani zouma monga udzu ndi masamba, zaziwisi, ndowe kapena zitosi za nkhuku, ndi kadothi pang'ono, mukuwaza madzi pa gawo lililonse. Zouma zichuluke kawiri kapena katatu kuposa zaziwisi. Mulu usachepere mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, apo ayi sutentha. Chinyezi chake muyese pofinya m'dzanja: pazituluka kadontho kamodzi kapena kawiri, osati kuchucha. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku atatu kapena anayi, ndodoyo mukaisolola izikhala yotentha. Mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65, kutentha kumene kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo ta matenda. Ukazizira utembenuzeni, za kunja zilowe mkati. Pa miyezi iwiri mpaka inayi mudzakhala ndi manyowa akuda osanunkha. Ndowe zaziwisi musaziike pa masamba amene mukolole posachedwa. Pazipita miyezi inayi kuchokera pothira mpaka pokolola mbewu zokhudza dothi.

Mitengo yakale ya zipatso

Pano m'pamene ndikupemphani kudekha koposa, chifukwa bedi la masamba mukalakwitsa mumakonza nyengo yotsatira, koma nthambi ya zaka 20 mukaidula yapita. Mtengo wooneka wakufa uyeseni kaye: palani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo. Mukapeza zobiriwira ndi zonyowa pansi pake, ulipo.

Yambani ndi kuumasula. Ziyangoyango zimene zaukwera ziduleni pansi penipeni ndiponso pa msinkhu wa phewa, n'kusiya za m'mwambazo ziume zokha. Mukazikoka zili zaziwisi mumathyola nthambi, ndiponso khungwa limene lakhala mumthunzi zaka zambiri limapsa likakumana ndi dzuwa mwadzidzidzi. Lambulani udzu mozungulira tsinde mpaka pamene nthambi zalekezera, popanda kulima mozama chifukwa mizu yodyera ili pamwamba. Thirani kompositi, phimbirani, koma zophimbirazo zitalikire tsinde ngati chikhatho chimodzi kuti khungwa lisaole.

Kudulira kugawidwe pa zaka 3. Chaka chimodzi musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthambi zamoyo. Mukadula kwambiri, mtengo umachita mantha n'kutulutsa mphukira zambirimbiri zoongoka ngati mikondo, zosabereka, ndipo mwadzipangira ntchito ina. Chaka choyamba chotsani zouma, zodwala, zothyoka, ndi zomera zoyamwa zimene zamera pa nthambi. Chachiwiri chotsani zopingasana ndi zokhulana, ndi zolowera mkati, kuti kuwala ndi mphepo zidutse. Chachitatu ndiye mutsitse msinkhu ngati mtengo watalika mopitirira.

Pa mitengo yomezanitsa, monga malalanje ambiri, funani chipsera cha pamene anamezanitsira, chotupa pang'ono chapafupi ndi pansi. Mphukira iliyonse yochokera kunsi kwa chipseracho ndi ya tsinde la pansi, ndipo imalanda chakudya cha mtengo weniweni. Lalanje la agogo anga ndinalipeza lili ndi nthambi zitatu zamphamvu, zaminga italiitali, zobereka zipatso zowawa za khungu lokhakhala, ndipo pakati pake panali kanthambi kamodzi kofooka ka masamba achikasu. Kofookako ndiko kanali lalanje lenileni. Ndikanatsata maso ndikanadula iko n'kusiya akubawo. Ndinachotsa zaminga zija imodzi chaka chilichonse, ndipo kanthambi kaja kanabereka chaka chachitatu.

Nthambi yaikulu imadulidwa katatu kuti isang'ambe khungwa la thunthu. Chekani kunsi kwake pang'ono, masentimita 30 kuchokera pa thunthu. Kenako chekani kuchokera pamwamba, patsogolo pang'ono pa pamene munayamba paja, mpaka igwe. Pomaliza chotsani chitsa chotsalacho, kunja kwa mkombero wotupa umene uli pamene nthambi imalumikizana ndi thunthu. Mkomberowo ndi umene umatseka bala, choncho musausenge, komanso musasiye chitsa chachitali. Bala loduka bwino silifuna penti. Sowo ndi mpeni zikhale zakuthwa, ndipo muzizipukuta ndi spiriti mukachoka pa mtengo wodwala. Mango amadulidwa mukangomaliza kukolola. Mitengo yoyoyola masamba monga mapichesi ndi maapulo imadulidwa ikagona m'nyengo yozizira. Malalanje ndi mandimu safuna kuduladula kwambiri.

Ilipo mitengo yoyenera kuchoka: yoola mkati n'kupendekera nyumba, kapena bulugamu amene waima pafupi ndi mabedi n'kumamwa madzi onse. Waukulu itanirani odziwa kugwetsa mitengo, musakwere nokha ndi nkhwangwa. Ndipo ngati mtengo wokalambawo unali wa zipatso zokoma zimene simuzionanso kwina, tengani timphukira take mukamezanitse pa tsinde laling'ono musanaugwetse.

Chaka chachiwiri, chachitatu ndi kutsogolo

Mabedi oyamba aja akayamba kukumverani, onjezani awiri kapena atatu, kuyambira pamene panali makatoni kapena kalongonda. Yambani kasinthasintha wa mbewu potsata mabanja ake. Tomato, tsabola, mabiringanya ndi mbatata ya kachewere ndi banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda a m'nthaka, choncho zisatsatane pa bedi limodzi. Papite zaka 3 zisanabwererepo. Kabichi, mpiru ndi repu ndi banja lina. Nyemba zitsogole, masamba odya kwambiri atsatire. Kope lija ndi limene lidzakukumbutseni chimene chinali pati, chifukwa mutu umaiwala.

Mitengo yatsopano ndi maluwa okhalitsa bzalani tsopano, pamene mukudziwa kumene madzi amaima ndi kumene mthunzi umagwera. Dzenje likhale lotakasuka, pafupifupi masentimita 60 mbali zonse, mbande ikhale pa msinkhu umene inali m'chubu, chipsera chomezanitsira chili pamwamba pa dothi. Ganizirani kukula kwa mtengowo pakadzatha zaka 10, osati mmene ukuonekera lero.

Ngodya imodzi ya dimba isiyeni yatchire ndithu, ndi mulu wa miyala ndi zitsa zoola. M'menemo mumakhala achule, abuluzi, mbalame ndi tizilombo todya nsabwe za m'masamba, zimene zinasamukira m'tsalamo pamene munthu kunalibe. Njuchi nazo zimafuna maluwa nyengo zonse, ndiye lolani zitsamba zina zichite maluwa m'mphepete mwa mpanda.

Nthaka isamakhale pambalambanda nthawi iliyonse: pakhale mbewu, kapena zophimbira zokhuthala masentimita 5 mpaka 10. Ndipo ikadzafika nthawi yoti muchokepo miyezi ingapo, chifukwa cha ntchito, matenda kapena ulendo, dimba musalisiye lili lolimalima. Mabedi onse afeseni khobwe kapena muwafunditse makatoni ndi udzu, mitengo yaing'ono muiphimbire mokwanira, mpanda muuyendere mutseke mipata, ndipo mupemphe munthu mmodzi wodalirika kuti azidzatchetcha kamodzi pa mwezi, udzu usanabereke njere.